Ndinatha miyezi khumi ndikufunafuna mudzi womwe unalibe malo ake ku Nebraska

Ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba m'katauni kena ka kum'mwera kwa mtsinje wa Platte, m'chigawo cha Nebraska ku America, kumene ndinafika kuchokera kwathu ku Ntcheu. Dera lake ndi chigwa chaudzu chopanda phiri, chomwe eni ake amati prairie, ndipo lero mbali yaikulu ndi minda ya chimanga ndi soya yofika pomwe maso alekezera. Tsiku lina madzulo m'mwezi wa Okutobala, ndikuwapesa tsitsi agogo ena a zaka zoposa 90 omwe tinkagwirizana kwambiri, anandigwira dzanja nati, "Mwanangu, kuli mudzi wa dzina langa kunja kuno, koma pa mapu palibe, ndipo ana anga alibe nthawi yoti akaufune." Anafotokoza kuti agogo awo aamuna anachokera ku Sweden, boma linawapatsa malo aulere, ndipo mwana wawo woyamba, yemwe anali azakhali a agogowa, ndiye anali khanda loyamba kubadwira pamalopo, choncho mudzi unatchedwa dzina la khandalo. Dzina lomwelo analilandiranso iwo atabadwa. Ine ndinayankha mopanda kuganiza kuti, "Agogo, musadandaule, pakatha masabata awiri ndikubweretserani yankho." Masabata awiriwo anasanduka miyezi khumi.

Dzina la mudziwo sindilitchula, popeza ndi dzina la munthu. Chinthu chimodzi chokha chimene ndinachita bwino pachiyambi chinali kupempha chilolezo kwa mwana wawo wamkazi ndi kwa ondiyang'anira pantchito, chifukwa m'dziko lino wosamalira wodwala saloledwa kungonyamula nkhani za banja la munthu n'kumayenda nazo.

Kulakwa kwanga koyamba kunali kuganiza ngati ndili kwathu. Kwathu dzina la malo lili ndi mwini wake, ndipo ukafuna kudziwa chiyambi chake umapita kwa anyakwawa kapena kwa nkhalamba ya m'mudzimo. Ngakhale maina amene atsamunda anaika, monga Fort Johnston, Port Herald ndi Fort Manning, anthu akudziwa kuti ndiwo Mangochi, Nsanje ndi Mchinji. Ndinayamba choncho kufunsa achikulire a kutchalitchi ndi alimi opuma amene amasonkhana m'mawa pa malo omwera khofi. Anandilandira bwino ndithu, koma ndinachokako ndi nkhani zitatu zosagwirizana: wina anati linali dzina la mkazi wa mbusa, wina anati la hatchi ya munthu wina wolemera, ndipo wachitatu anati mudzi wotero sunakhaleko chikhalire. Mmodzi wa iwo ndiye anandiseka mwaulemu, nandiuza kuti ndiyang'ane maina a matauni a m'mbali mwa njanji kumadzulo kwa mzinda wa Lincoln, likulu la Nebraska. Nditatsegula mapu ndinawerenga Crete, Dorchester, Exeter, Fairmont, Grafton, Harvard, Inland, Juniata, Kenesaw ndi Lowell, ndipo ndinaona kuti akutsatana monga zilembo za alifabeti. Kampani ya njanji ya Burlington and Missouri River ndiyo inaika mainawa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1870, pamene inkayala njanji. Njanji ina yochokera kum'mwera chakum'mawa inachitanso chimodzimodzi ndi Alexandria, Belvidere, Carleton, Davenport, Edgar, Fairfield, Glenvil mpaka Hastings. Usiku umenewo ndinagona ndi mtima wozizira, chifukwa ndinazindikira kuti m'dera lino maina ambiri anachokera m'maofesi ndi pa mapepala, ndipo nthano zowafotokoza zinabwera pambuyo.

Ndikanazindikira bwino phunziro limenelo ndikanapita kumene kuli mapepala, koma ndinathamangira pa intaneti. Ndinalipira tsamba lina la mbiri ya mabanja kwa miyezi itatu, ndalama zonse pamodzi pafupifupi madola 75, osadziwa kuti laibulale ya m'tauni yathu imalola anthu kugwiritsa ntchito tsamba lomwelo kwaulere pa makompyuta ake. Safunsa anadya phula. Chomwe ndinkafuna chinali chikalata cha malo aulere aja. Lamulo lake, Homestead Act, analisainira pulezidenti Abraham Lincoln mu 1862, ndipo linkapatsa munthu maekala 160 ngati wakhalapo ndi kulimapo zaka zisanu n'kulipira kandalama kochepa ka kalembera. Munthu amene amawerengedwa kuti anali pakati pa oyamba kulembetsa, Daniel Freeman, anatenga malo ake pa 1 Januwale 1863 pafupi ndi Beatrice, konkuno ku Nebraska. Zikalata zomwe boma linkapereka munthu akakwaniritsa zonse zimapezeka kwaulere pa tsamba la Bureau of Land Management, nthambi ya boma yoona za malo, m'gawo la General Land Office. Ndinalembamo dzina la agogo aamuna a ku Sweden aja m'njira iliyonse imene ndinaganizira, kusintha chilembo ichi ndi icho popeza maina a ku Sweden ankalembedwa mosiyanasiyana, koma sanapezeke. Novembala ndi Disembala anatha chomwecho. Nthawi iliyonse ndikalowa m'chipinda chawo, agogo ankandiyang'ana m'maso osafunsa kanthu, ndipo kusafunsako kunkandipweteka kuposa funso.

Mu Januwale ndinatembenukira ku kalembera wa anthu, ndipo ndinataya masabata awiri ndikusaka wa 1890, yemwe ndinkaganiza kuti ndiye adzaonetsa banjalo lili pamudzipo. Woyang'anira laibulale ndiye anandiuza kuti pafupifupi mapepala onse a kalembera ameneyo anawonongeka pa moto umene unabuka ku Washington mu 1921. Amene akufufuza za nyengo imeneyo ku Nebraska ayambe ndi kalembera wa 1880, kenaka wa chigawochi wa 1885, ndiponso wa 1900, yemwe ndi wothandiza kwambiri chifukwa amatchula mwezi ndi chaka chobadwa cha munthu aliyense komanso chaka chimene mlendo analowera m'dzikoli. M'menemo ndinalipeza banjalo, ndinaona chaka chomwe anafika ndi chaka chomwe azakhali aja anabadwa, ndipo ndinadziwa kaunti yawo. Kaunti tingaiyerekeze ndi boma kwathu, ndipo Nebraska ili ndi makaunti 93, iliyonse ili ndi likulu lake kumene zikalata za malo zimasungidwa.

Nyengo yozizira inandilepheretsa kuyenda mpaka mu Epulo. Ndinapempha tchuthi cha tsiku limodzi chosalipidwa, ndinasankha Lachisanu lomaliza la mweziwo, ndinayendetsa galimoto ola limodzi ndi theka, ndipo ndinapeza nyumba ya maofesi a kauntiyo ili yokhoma. Linali tsiku lodzala mitengo, Arbor Day, lomwe linayambira ku Nebraska komweko mu 1872 ndipo ndi tchuthi cha boma m'chigawochi. Ndinakhala m'galimoto kanthawi ndikudziseka ndekha, mwana wa dziko lomwe nalonso lili ndi nyengo yake yodzala mitengo, wagwa m'mbuna ya mitengo kudziko la eni. Kuimba foni kwa mphindi imodzi kukanandipulumutsa. Maofesi ang'onoang'ono a kumidzi kuno amakhala ndi antchito ochepa, ndipo ndi bwino kufunsiratu tsiku, ola, ndiponso ngati mabuku akale ali pomwepo kapena anawasamutsira kwina.

Nditabwerera patatha masabata awiri, mayi wa mu ofesi ya zikalata za malo ananditengera m'chipinda cha mabuku akuluakulu olemera ngati thumba la fetereza. Anandionetsa mitundu iwiri ya mabuku olozera: lina lotsata maina a ogulitsa ndi ogula, lina lotsata malo enieniwo. Pasanathe theka la ola tinapeza dzina lomwe ndinalisaka miyezi iwiri. Agogo aamuna aja sanalandire malo aulere ayi, anawagula kwa kampani ya njanji. Mayiyo anandifotokozera kuti boma linapatsa makampani a njanji malo ambiri m'mbali mwa njira zawo, masekishoni (zigawo za malo za mailosi imodzi mbali zonse) a manambala osagawika pawiri, ndipo makampaniwo ankagulitsa kwa alendo pangongole. Kampani ya Burlington inkalengeza ngongole ya zaka khumi pa chiwongoladzanja cha 6 peresenti. Mabanja ambiri kuno amatcha munda wa makolo awo homestead, liwu la malo aulere aja, ngakhale unali wogula, ndipo ine ndinatenga liwu limenelo monga liwu la lamulo. Munthu akaona kuti sekishoni ya banja lake ili ndi nambala yosagawika pawiri ndipo ili kufupi ndi njanji yakale, ayambe waganiza za kugula asanataye nthawi pa zikalata za malo aulere.

Pano ndiyenera kufotokoza kawerengedwe ka malo, chifukwa ndi pomwe ndinapwetekera. Dera lonseli linadulidwa m'mabwalo a mbali zinayi zofanana. Bwalo lalikulu, township, ndi mamailosi 6 m'litali ndi 6 m'lifupi, ndipo lili ndi masekishoni 36, iliyonse mailosi imodzi mbali zonse, maekala 640. Gawo limodzi mwa magawo anayi a sekishoni ndilo maekala 160 aja. Malo alionse amadziwika ndi manambala atatu: sekishoni, township yowerengedwa kuchokera ku malire a Nebraska ndi Kansas kupita kumpoto, ndi range yowerengedwa kum'mawa kapena kumadzulo kwa mzere wotchedwa Sixth Principal Meridian. Zonsezi ndinazimva, koma chimodzi sindinafunse. Ndinajambula bwalo papepala n'kulemba manambala kuyambira kumanzere kupita kumanja mzere uliwonse, monga tinkachitira pa kalendala kusukulu. Chikhalirecho sekishoni 1 ili pangodya ya kumpoto chakum'mawa, manambala amapita kumadzulo mpaka 6, kenaka 7 imakhala pansi pa 6 ndipo amabwerera kum'mawa mpaka 12, n'kumapita mokhotakhota chomwecho monga mlimi wa ng'ombe amatembenukira pothera pa mzere, mpaka 36 pangodya ya kum'mwera chakum'mawa.

Ndi pepala lolakwikalo ndinanyamuka Loweruka lina mu Meyi, mvula itagwa usiku wonse. Misewu ya kumidzi kuno imatsata malire a masekishoni, mailosi iliyonse msewu, ndipo yambiri ndi yothira miyala, yodutsika bwino. Koma pamphambano ina panali chikwangwani cholembedwa kuti Minimum Maintenance Road, kutanthauza msewu wosasamalidwa kwenikweni, ndipo ine, pokumbukira misewu ya kwathu nthawi ya dzinja, ndinadziuza kuti matope a ku America sangandiopse. Ndinayenda mtunda wosakwana theka la mailosi galimoto n'kutitimira mpaka m'mimba. Dothi lake ndi lonanda ngati la mtapo, limamatirira ku matayala mpaka amaleka kuzungulira. Foni inalibe netiweki. Ndinayenda wapansi pafupifupi ola lathunthu kulowera ku nyumba imene ndinkaiona patali, nsapato zikulemera pa phazi lililonse, ndipo ndisabise, ndinali ndi mantha. Ndinali munthu wakuda, mlendo, wodzaza matope, ndikuyandikira khomo la munthu wosandidziwa kudera kumene nyumba ndi zotalikirana ndipo mfuti si zachilendo. Ndinaima kutali ndi khonde, manja poonekera, n'kuodira mokweza.

Anatuluka bambo wachikulire yemwe anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anakatenga thirakitala nakandikokera galimoto, ndipo ndalama anakana. Ataona pepala langa anapukusa mutu, natenga cholembera n'kundikonzera manambala, ndipo zinapezeka kuti ndinasokera mamailosi angapo. Anandilangizanso kuti ndisalowe m'munda wa munthu popanda kupempha ngakhale palibe mpanda, ndipo iye mwini anaimbira foni mwini wake wa malo ndinkafunawo. Kukonzetsa zomwe zinawonongeka pansi pa galimoto kunanditengera madola 340, ndalama imene mwezi umenewo inayenera kupita kwathu kukalipira sukulu ya mphwanga, ndipo kufotokozera amayi pafoni kuti yathera m'matope pofunafuna mudzi wa anthu a ku Sweden sikunali kophweka.

Sabata yotsatira ndinafika pa malo enieniwo. Panalibe chilichonse: chimanga chongomera kumene, makina othirira oyenda mozungulira, ndi mzere wa mitengo yakale pangodya. Panalibe maziko a sitolo, tchalitchi, kapena chizindikiro choti panakhalapo mudzi. Ndinaima pamenepo mphepo ikundiwomba, ndipo ndinatsala pang'ono kuvomereza kuti mkulu wa ku malo a khofi uja ananena zoona. Kwa masabata atatu sindinagwire pepala lililonse la nkhaniyi, ndipo nthawi yomweyo agogo anadwala chibayo n'kugonekedwa m'chipatala. Ndinayamba kuopa kuti apita ndisanawauze kanthu.

Zinthu zinatembenuka mu Juni, pamene woyang'anira laibulale uja anandifunsa funso limene palibe anali atandifunsa: kodi ndikufuna mudzi kapena positi ofesi? Ananditumiza ku Lincoln, ku Nebraska State Historical Society, bungwe lomwe lakhala likusonkhanitsa mbiri ya chigawochi kuyambira 1878 ndipo lili ndi nyuzipepala zakale za m'matauni ang'onoang'ono ndi mabuku a mapu a makaunti osonyeza mwini wa munda uliwonse. Anandiuzanso za mitundu iwiri ya zolembedwa za National Archives, nkhokwe ya zikalata zakale za boma la America. Woyamba, wodziwika ndi nambala M841, ndi kaundula wa anthu osankhidwa kuyendetsa mapositi ofesi kuyambira 1832 mpaka 1971, wosanjidwa potsata chigawo ndi kaunti. Wachiwiri, M1126, ndi mafomu omwe woyendetsa positi ankadzaza pofotokoza pomwe ofesi ili, kutchula sekishoni, township ndi range, mtsinje wapafupi, ndi mapositi oyandikana nawo, nthawi zambiri pamodzi ndi kamapu kojambula pamanja. Ndikanayambira pamenepa mu Okutobala, ntchito yonse ikanatha mwezi usanathe.

Dzina lija linalimo. Silinali la mudzi, linali la positi ofesi ya kumidzi, ndipo ofesi yotero sinali nyumba yapadera koma kabati ya makalata m'nyumba ya mlimi amene wasankhidwa. Mlimiyo akatopa kapena akasamuka, kabatiyo inkapita kwa mnzake, ndipo dzina linkapita nayo. Mafomu anasonyeza kuti ofesiyi inakhala m'masekishoni atatu osiyana, ndipo woyendetsa wachitatu anali agogo aamuna a agogo athu aja. Makalata a dera lonselo ankafikira m'nyumba mwawo, n'chifukwa chake ana anakula akudziwa kuti dzinalo ndi lapakhomo pawo. Ofesiyo inatsekedwa pamene boma linafalitsa njira yoperekera makalata khomo ndi khomo kumidzi, yomwe inayamba mu 1896 n'kuchititsa kuti mapositi ang'onoang'ono ambirimbiri atsekedwe m'zaka zotsatira. Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti zimenezi sizachilendo kwa munthu wa kwathu: mudzi umatchedwa dzina la mfumu, ndipo mfumu ikasamuka ndi anthu ake dzina limasamuka nayo, pamalo akale n'kutsala bwinja. Ndinali ndi chitsanzo chimenechi m'mutu kuyambira ubwana, koma ndinkasaka nyumba za njerwa chifukwa ndinkaganiza kuti ku America dzina lililonse lili ndi tauni yake.

Kunatsala funso la khanda lija. Kaundula anasonyeza kuti ofesiyo inatsegulidwa zaka zinayi banjalo lisanachoke ku Sweden, choncho dzina silikanachokera kwa mwana amene anali asanabadwe. M'nyuzipepala yakale ya likulu la kauntiyo ndinapeza nkhani ya imfa ya woyendetsa woyamba, yonena kuti anatcha ofesiyo dzina la tauni ya kwawo kum'mawa kwa dzikoli. Maina otere ankadaliranso chilolezo cha akuluakulu a positi ku Washington, omwe sankalola maofesi awiri a dzina limodzi m'chigawo chimodzi, ndipo ndi mmene tauni ya Broken Bow inapezera dzina lake la uta wothyoka, maina ena omwe anaperekedwa atakanidwa. Poika zaka zonse pamzere, zinaoneka poyera kuti khandalo ndilo linapatsidwa dzina la positi, makolo ake ali alendo ongofika kumene omwe mwina anakonda liwu lomwe linkalembedwa pa makalata ochokera kwawo. Mawu akuti mwinawo ndi anga, popeza palibe pepala limene limanena chomwe chinali mumtima mwawo. Za kukhala khanda loyamba kubadwira pamalopo, ndinakumbukira kuti dzikolo linali la anthu a mtundu wa Pawnee, omwe anasamutsidwira ku Oklahoma wa lero m'zaka za m'ma 1870, ndipo maina a mitsinje ya Loup ndi Republican amakumbutsa magulu awo. Makanda anabadwirapo ambiri kale azungu asanafike.

Nditawerengera zonse, mafuta a maulendo asanu, tsamba la pa intaneti, kukonzetsa galimoto, kujambulitsa mapepala ndi masiku atatu a tchuthi chosalipidwa, ndinapeza kuti ndinawononga madola opitirira 900, ndipo mapepala omwe anandipatsa yankho anali otsika mtengo kuposa zonsezo. Ndinayamba ndaonetsa mwana wawo wamkazi zomwe ndinapeza, ndipo tinakambirana ngati n'koyenera kusintha nkhani yomwe munthu wakhala nayo zaka 90. Iye anati mayi ake anali mphunzitsi ndipo sangakondwere kunamizidwa.

Mu Ogasiti, agogo atabwerako kuchipatala, ndinakhala pambali pa bedi lawo ndi mapepala atatu: chikalata cha njanji, tsamba la kaundula, ndi fomu yokhala ndi siginecha ya agogo awo. Ndinayamba ndi fomuyo. Anaiyandikiza kumaso, nayendetsa chala pa siginecha kangapo, ndipo anati sanaonepo zolemba za munthuyo chibadwire. Kenaka ndinawauza za zaka zinayi zija, mawu akunjenjemera. Anakhala chete nthawi yaitali, mpaka ndinayamba kudziimba mlandu, kenaka anaseka mpaka kutsokomola nati, "Ndiye kuti ine ndi azakhali tonse tinatchedwa dzina la kabati ya makalata?" Ndinati, "Eya agogo, koma kabatiyo inali m'nyumba mwanu." Anapempha kuti fomuyo tiiike m'felemu pakhoma loyang'anizana ndi bedi, ndipo madzulo omwewo anandituma kuti ndikaitane mnzawo wa chipinda choyandikana kuti adzaione.